Ulendo wa ku Lusaka wa ophunzira za udokotala wa ziweto

Lolemba, 23 September 2024, ku Bunda

Komiti yathu yakumana komaliza madzulo ano, ndipo nkhani yonse inali ya ndalama. Amene sanakhalepo wapampando wa bungwe la ophunzira amaganiza kuti udindowu ndi wolandira alendo ndi kuyankhula pamisonkhano, koma nthawi yambiri imathera pambali pa msungichuma, kuwerenga malisiti mpaka ziwerengero zigwirizane. Ndalama zimene zikutipititsa ku Lusaka sizinachokere ku bungwe lakunja. Zina tinazipeza posambitsa agalu ndi kuwamwetsa mankhwala a njoka za m'mimba m'makomo a ku Area 47 ndi Area 18, zina pogulitsa matisheti, zina poyenda ndawala, ndipo zotsala anasonkha madokotala a ziweto amene anamaliza maphunziro awo kuno, kudzera pa Mpamba ndi Airtel Money.

Poyamba cholinga sichinali Lusaka. Mamembala ambiri ankafuna kuti titumize munthu mmodzi kumsonkhano waukulu wa International Veterinary Students' Association (IVSA), bungwe la ophunzira za udokotala wa ziweto padziko lonse limene linayamba mu 1953 ku Germany. Koma kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zimene tinasonkha zinachepa mphamvu zili m'thumba, moti sizikanakwana ngakhale tikiti ya ndege yopitira yokha. Tinakangana kwambiri, ndipo mapeto ake tinagwirizana kuti anthu atatu, ine, mlembi ndi msungichuma, tikwere basi kukacheza ndi anzathu a ku University of Zambia ndi kukagwira nawo ntchito pa tsiku lokumbukira matenda a chiwewe. Ena sanakondwe, ndipo mmodzi ananena poyera kuti ku Zambia si kunja. Ndalongedza ovololo, jombo ndi chipimo chomverera kugunda kwa mtima, koma tulo sitikubwera.

Lachiwiri, 24 September, Mchinji ndi Chipata

Tinafika kudepoti ya Lilongwe m'mamawa, koma minibasi ya ku Mchinji inadzaza dzuwa litakwera kale. Kondakitala anatilipiritsa K9,000 aliyense, nawonjezera kuti bokosi lathu loziziritsira katemera lilipire ngati munthu, mpaka msungichuma analiika pamiyendo pake ulendo wonse. Kuyambira ku Namitete kukafika ku Kamwendo minda ndi youma, ndipo ng'ombe zokoka ngolo zimene tinadutsa zinali zowonda, nthiti zili pamtunda. Munthu ukaphunzira ntchito imeneyi maso ako sapumanso paulendo. Ena akamaona ngolo ya njerwa, iwe ukuona chilonda cha goli pakhosi pa ng'ombe ndi mmene ikutsimphinira mwendo wakumbuyo.

Chipata cha Mchinji ndi Mwami tsopano ndi chimodzi, kuyambira mu 2022, choncho zonse zotuluka ndi zolowa zimachitikira m'nyumba imodzi. Mkulu woona za ziweto ataona bokosi lathu anatiitana pambali, natifunsa zimene zinali m'katimo. Tinalitsegula, ndipo munalibe kanthu koma mabotolo apulasitiki ouma. Anamwetulira n'kunena kuti tachita bwino, chifukwa katemera, mankhwala a ziweto, nyama ndi zoyesa za m'labotale sizidutsa malire popanda chilolezo cholembedwa. Atamva kuti ndife ophunzira anatikhazika pabenchi, natiuza kuti vuto lake lenileni silidutsa pageti. Nkhumba, mbuzi ndi agalu zimadutsa m'tinjira ta kumidzi, popeza anthu a mbali ziwirizi ndi abale amene amakwatirana, kulirana maliro ndi kugulitsana ziweto. Tinakambirana za chigodola cha nkhumba, chimene chinakhazikika m'boma la Mchinji kuyambira kalekale, kumene kachilombo kake kamasungika m'nkhupakupa zofewa zokhala m'ming'alu ya makola. Matendawa alibe mankhwala, ndipo mlimi akangoona nkhumba yoyamba yafa amapha zotsalazo msanga n'kukagulitsa nyamayo kutsidya. Zimenezi tinaziwerenga m'kalasi, koma kuzimva kwa munthu amene amaima pamalirepo tsiku ndi tsiku kunandipatsa maganizo ena.

Kusintha ndalama kunatipweteka mtima. Mpukutu wa makwacha athu umene unadzaza envulopu unasanduka timapepala tochepa ta makwacha a Zambia, ndipo msungichuma anakhala chete mpaka tinafika ku Chipata. Tagona panyumba yogona alendo yotsika mtengo pafupi ndi siteji ya mabasi. Magetsi kulibe. Mayi woyang'anira nyumbayi anatibweretsera kandulo ndi madzi ofunda osamba, ndipo atamva kuti tanyamuka ku Lilongwe osadya anatiphikira nsima ya kapenta ndi repu, natilipiritsa K35 ya Zambia aliyense, nakana kuti tilipire tiyi. Anati: "Ana anga, mwabwera kwanu kuno, idyani."

Lachitatu, 25 September, msewu wa Great East

Basi inanyamuka kusanache, ndipo tikiti inali K380. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi mtunda wopitirira makilomita 550. Ndinakhala pambali pa bambo wina wachikulire woweta ng'ombe wa m'boma la Petauke, amene atangoona buku limene ndinali kuwerenga anayamba kunditchula kuti adokotala, ngakhale ndinamufotokozera kuti maphunziro sindinamalize.

Titadutsa Katete, kumene kuli likulu la Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, bamboyo anandifotokozera za thole lake limene linafa mwezi watha. Linatupa pansi pa makutu ndi kutsogolo kwa mapewa, linasiya kudya, maso anachita mtambo, ndipo pomaliza linkatuluka thovu m'mphuno. Zizindikiro zonsezi ndi za East Coast fever, matenda obwera ndi nkhupakupa zofiirira zimene zimakonda kuluma m'makutu. Ndinamuuza kuti popanda kupima sindinganene motsimikiza, koma aitane alangizi a ziweto thole lina likangoyamba kutupa, chifukwa mankhwala amagwira ntchito akaperekedwa msanga. Anandifunsa za katemera, ndipo ndinamufotokozera kuti ndi wachilendo pang'ono: thole limabayidwa tizilombo tamoyo ta matendawo pamodzi ndi mankhwala a oxytetracycline, kuti lidwale pang'ono n'kuchira, kenako likhale lotetezeka. Katemerayu amasungidwa mu nayitrojeni wamadzi, n'chifukwa chake kumufikitsa kumudzi n'kovuta. Chondisangalatsa n'chakuti mtundu wa tizilombo umene amagwiritsa ntchito kum'mawa kwa Zambia umatchedwa Katete, dera lomwelo limene tinali kudutsa, pomwe ku Lilongwe kuli malo a Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases amene amapanga katemera wa matenda omwewa wotumizidwa kumayiko ena a mu Africa. Ng'ombe za ku Mchinji ndi za ku Chipata zimalumidwa ndi nkhupakupa zofanana, koma ophunzira a mbali ziwirizi sitidziwana ngakhale mayina.

Pa Nyimba bamboyo anagula phava la nthochi pawindo n'kutigawira tonse atatu, nakana ndalama. Kuyambira pamenepo msewu umakwera ndi kutsika m'mapiri, wokhotakhota, ndipo m'maphompho ena munali zotsalira za malole amene anagubuduka. Ndinachita mantha, sindibisa. Dalaivala ankatsika zitunda ngati akuthamangitsidwa, ndipo mlembi wathu, amene saopa kulowetsa mkono m'mimba mwa ng'ombe, anatseka maso n'kugwira mpando wakutsogolo.

Pamlatho wa Luangwa, umene unamangidwa mu 1968, kunali kotentha kwambiri ndipo mtsinje unali utaphwa, mchenga uli mbee. Basi inaima pamsika wa kutsidya, pomwe amagulitsa nsomba zowamba, madengu ndi mphasa. Tinagawana nsomba imodzi yokazinga ya K50. Tinalowa mu Lusaka madzulo, thupi lonse likuphwanya, ndipo pa siteji ya mabasi ya Intercity tinapeza anzathu awiri akutidikira, mmodzi atanyamula pepala lolembedwa kuti Bunda.

Lachinayi, 26 September, University of Zambia

Tagona m'zipinda za ophunzira, aliyense kwa mnzake wa udindo wofanana ndi wake, ndipo wapampando wa kuno anandisiyira bedi lake iye n'kugona pamatiresi pansi. Ndinakana, koma sanamve.

Sukulu yawo imatchedwa Samora Machel School of Veterinary Medicine, ndipo nyumba zake zinamangidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Japan. Ubale umenewo ulipobe, makamaka ndi Hokkaido University pa kafukufuku wa matenda ochoka kunyama kupita kwa anthu. Poyenda m'makonde ake ndinakumbukira kuti sukulu yathu ndi yaing'ono msinkhu. Maphunziro a udokotala wa ziweto ku LUANAR, yunivesite yathu ya ku Bunda, anayamba mu 2013 ndipo oyamba anamaliza mu 2019. Izi zisanachitike, Mmalawi wofuna ntchitoyi ankayenera kupita kunja, ndipo ena mwa madokotala akuluakulu a kwathu anaphunzira m'zipinda zomwezi. Mphunzitsi wina wachikulire atamva kumene tachokera anatigwira chanza kwa nthawi yaitali, natifunsa za anzake amene anaphunzira nawo.

Anationetsa chipatala cha ziweto, chipinda chong'ambiramo nyama zakufa pofufuza chimene chazipha, ndi malabotale. Koma chimene aliyense akukamba ndi magetsi. Chilala cha chaka chino, chimene boma la Zambia linachilengeza kuti ndi ngozi yadziko mu February, chaphwetsa madzi m'nyanja ya Kariba, kumene amapangira magetsi, ndipo m'makomboni ambiri magetsi akuyaka maola ochepa okha patsiku. Kwa ife a ziweto nkhaniyi si ya kuwala kokha. Katemera ambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo firiji ikazima tsiku lonse, botolo limaoneka labwinobwino koma mphamvu yake ingakhale itatha. Tinakhala pansi pamtengo masana onse tikukambirana za mmene tidzasungire katemera Loweruka. Mnzathu wina anakumbutsa za kafukufuku wa ku Tanzania amene anasonyeza kuti katemera wina wa chiwewe wa agalu amapirira kutentha kwa miyezi ingapo, koma tinagwirizana kuti ife monga ophunzira titsatire zolembedwa pabotolo.

Lachisanu, 27 September, msonkhano wa makomiti awiri

Lero ndilo tsiku limene tinabwerera, ndipo linali lotopetsa kuposa msewu wa dzana. Tinayamba ndi kufotokozerana mmene timapezera ndalama, ndipo tinaseka poona kuti njira zake n'zofanana: agalu, matisheti, ndi makalata opempha amene sayankhidwa. Kusiyana kunali pa kasungidwe. Anzathuwa amamata lipoti la ndalama pabolodi la zidziwitso mwezi uliwonse, kuti wophunzira wa chaka choyamba amene anasonkha kangachepe aone kumene kanapita. Msungichuma wawo anati kuyambira pamene anayamba kutero, zopereka zinakwera popanda kukakamiza munthu. Ife timapereka lipoti kumapeto kwa chaka chokha, pamsonkhano wa chisankho, pamene anthu akuganiza za ofuna mipando osati za malisiti.

Kenako tinafika pa nkhani ya kunja. Mtsikana wina wa chaka chomaliza amene anapitako kumsonkhano wa IVSA anatifotokozera mmene zimakhalira: nthumwi za mayiko ambiri, zisankho, maphunziro a m'magulu, ndi usiku wogulitsa zinthu pamtengo wopikisana, pamene aliyense amabweretsa kanthu ka kwawo ndipo ndalama zake zimapita kuthumba lothandizira masukulu osowa zipangizo. Anati anapindula kwambiri, ndipo ndikumukhulupirira. Koma ananenanso mosabisa kuti phindu lalikulu linatsalira kwa iye yekha, chifukwa atabwerako mayeso anamupanikiza, komiti inasintha, ndipo manambala a anthu amene anadziwana nawo ali m'foni yake mpaka lero.

Apa ndi pamene ndinayankhula maganizo anga, ndipo ndiwalemba monga ndinawanenera. Sindikutsutsa kupita ku Ulaya kapena ku Asia. Dzina la sukulu yathu liyenera kumveka kumeneko, ndipo mwayi wa maphunziro apamwamba umadzera m'misonkhano yotere. Koma ndalama zimene ophunzira ambiri anatuluka nazo thukuta posambitsa agalu siziyenera kuthera pa munthu mmodzi, nthawi zambiri wapampando, pamene ndalama zomwezo zingayendetse anthu angapo chaka ndi chaka pakati pa Lilongwe ndi Lusaka, kapena Morogoro ku Tanzania, kapena Harare, kumene matenda ndi omwewo, alimi ndi omwewo, ndipo chiphaso cha visa sichifunika. Wopita kutali apeze thandizo lapadera kuchokera kumakampani ogulitsa mankhwala kapena kuthumba la IVSA lomwe, osati m'zopereka za mamembala. Ena anagwirizana nane, ena anati maganizo otere ndi amene amatisiya kumbuyo, ndipo wina ananditchula wokonda basi. Sitinamalize mkanganowo.

Zimene tinamaliza ndi zing'onozing'ono koma zotheka. Ophunzira a chaka chachisanu azisinthana malo ochitira maphunziro a pantchito nthawi ya tchuthi, aliyense azigona kwa mnzake kuti ndalama ithere pa basi yokha. Tizikambirana za nyama zodwala kamodzi pamwezi pa intaneti. Ndipo komiti iliyonse ikamatuluka izisiyira yolowa fayilo yokhala ndi makalata, mayina a mabungwe amene anathandizapo ndi malonjezo amene sanakwaniritsidwe, chifukwa komiti ya ophunzira imakhala chaka chimodzi ndipo ubale umafa pa tsiku la chisankho. Aphunzitsi a mbali zonse ayenera kuvomereza zimenezi, choncho alembi awiri akhala usiku uno akulemba kalata ndi kuwala kwa foni.

Loweruka, 28 September, tsiku la chiwewe

Tsikuli linasankhidwa chifukwa Louis Pasteur, amene anapanga katemera woyamba wa chiwewe, anamwalira pa 28 September 1895. Tinadzuka usikusiku n'kupeza kuti madzi a m'mabotolo athu oziziritsira sanaume chifukwa magetsi sanabwere. Bambo wina wa butchala pafupi ndi msika, amene ali ndi jenereta, anatipatsa madzi oundana a m'firiji yake, ndipo titafuna kulipira anati galu wake tiyambe ndi iyeyo.

Tinaika tebulo pabwalo la sukulu ya pulayimale m'komboni ina yapafupi, moyang'aniridwa ndi dokotala wa boma. Monga zimakhalira ku Ndirande kapena ku Kawale, obweretsa agalu anali ana, makamaka anyamata a zaka zosapitirira khumi ndi ziwiri, ena atamanga galu ndi waya, ena ndi lamba wa thalauza, ena atanyamula tiana ta galu m'thumba la ufa. Ntchito inagawidwa motere: wina kulemba dzina ndi kupereka chiphaso, wina kugwira, wina kubaya, wina kupaka utoto pamphumi kuti galu wobayidwa adziwike. Ine ndinathera nthawi yambiri pogwira, ndipo pofika masana msana unali utauma.

Anzathu ankafuna kumva za Blantyre, chifukwa ntchito ya bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies kumeneko ndi yodziwika. Ndinawafotokozera kuti mu 2015 agalu opitirira 35,000 anabayidwa mumzindawo m'masabata ochepa, pophatikiza malo okhazikika ngati athuwa ndi kuyenda khomo ndi khomo, ndipo kubwereza chaka ndi chaka ndiko kunachepetsa ana ofika ku chipatala cha Queen Elizabeth ndi chiwewe. Chofunika ndi kubaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, apo ayi kachilombo kamapitirira kuyenda. Tsiku limodzi ngati lathuli silingafike pamenepo, ndipo tonse tikudziwa. Matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia, ndipo cholinga cha mabungwe a zaumoyo n'chakuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Zaka zatsala zisanu ndi chimodzi.

Mayi wina anabwera wopanda galu, atagwira mwana wake dzanja. Mwanayo analumidwa pakatumba dzulo lake ndi galu wosadziwika, ndipo anamupaka mankhwala azitsamba. Dokotala wa boma anasiya zonse, anatsuka balalo ndi sopo ndi madzi kwa mphindi khumi ndi zisanu, analemba kalata, ndipo ophunzira awiri anaperekeza mayiyo kuchipatala. Anati: "Amayi, musadikire kuti mwana adwale, chifukwa zizindikiro zikangoyamba palibe dokotala amene angamuchiritse."

Chakumadzulo galu wamkulu wakuda anapulumuka m'manja mwa mwini wake n'kulumpha kufuna kuluma mlembi wathu. Mano anang'amba dzanja la ovololo koma khungu silinakhudzidwe. Tinaliyang'ana dzanjalo mobwerezabwereza padzuwa, ndipo miyendo yanga inanjenjemera kwa nthawi ndithu.

Lamulungu, 29 September, pobwerera

Basi ya ku Chipata inachedwa kunyamuka chifukwa cha katundu wa amalonda, ndipo anzathu amene anatiperekeza anakhala nafe mpaka inasuntha. Anatipatsa buledi, mazira owiritsa ndi botolo la munkoyo.

Ulendo wonse takhala tikukambirana za galu wa dzulo. Titafunsana usiku, tinapeza kuti ambiri a ife amene tinagwira agalu tsiku lonse, a Malawi ndi a Zambia omwe, sitinabayitsepo katemera wodziteteza ku chiwewe tisanalumidwe. World Health Organization imalimbikitsa katemerayu kwa ogwira ntchito za ziweto, ndipo kuyambira mu 2018 ndondomeko yake ndi yobayitsa masiku awiri okha, loyamba ndi la patatha sabata. Chovuta ndi mtengo. Mu June chaka chino bungwe la Gavi, lothandiza mayiko kupeza katemera, linalengeza kuti liyamba kuthandiza mayiko osauka ndi katemera wa chiwewe wa anthu, koma thandizolo ndi la amene alumidwa kale, choncho wophunzira wofuna kudziteteza pasadakhale ayenera kudzigulira yekha kuchipatala cholipira.

Msungichuma anatenga cholembera tili pakati pa Rufunsa ndi Luangwa, n'kuyamba kuwerengera kuti zingafune agalu angati osambitsa kuti kalasi imodzi yolowa m'maphunziro a kuchipatala ibayidwe yonse. Chiwerengero chake n'chachikulu, koma chingatsike ngati tigula pamodzi ndi kubayitsa tonse pa tsiku lofanana, pakuti pobaya m'kati mwa khungu botolo limodzi limakwanira anthu angapo. Tagwirizana kuti nkhani imeneyi ndiyo tikaipereke poyamba kwa mamembala Lachitatu, ndipo mlembi akafunse mitengo kuzipatala ndi kwa ogulitsa mankhwala mu Lilongwe tisanakumane. Amene ankafuna msonkhano wa kunja adzatsutsa, ndipo ali ndi ufulu wotero, tidzaponya voti.

Tafika ku Chipata mdima utagwa ndipo magalimoto opita ku Mwami atha, kupatula takisi imene ikutchula mtengo umene sitingakwanitse. Tigona kuno, tidzadutse malire m'mawa, ndipo ndatumiza uthenga kwa woimira kalasi kuti apepese m'malo mwathu kwa aphunzitsi a phunziro la opaleshoni loyamba 8 koloko.